Gombe lokwiririka: mmene mungafufuzire mchenga wolemera kumene nyanja inachokako kalekale

Tikamakamba za migodi muno mu Lusaka, maganizo amathamangira ku kopa wa ku Copperbelt ndi ku Solwezi, ku manganizi a ku Mansa, kapena ku miyala yobiriwira ya ku Lufwanyama. Mchenga timausiyira omanga nyumba. Komatu penti yoyera ya m'mashopu a ku Kamwala, matailosi a m'bafa, ndodo zowotcherera zimene anyamata opanga mageti ku Kalingalinga amatha mapaketi tsiku ndi tsiku, ngakhale mankhwala ena otsukira mano, zonsezi gwero lake ndi njere zolemera zimene mafunde anasonkhanitsa pagombe: ilmenite, rutile ndi zircon.

Zambia ilibe nyanja ya mchere, ndipo mgodi waukulu wa mchenga wotere kuno kulibe. Otizungulira ndiwo ali nawo. Ku Moma, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, kampani ya Kenmare yakhala ikukumba kuyambira 2007. Ku Richards Bay ku South Africa anayamba m'zaka za m'ma 1970. Ku Kwale ku Kenya anakumba kuchokera 2013 mpaka kumapeto kwa 2024, ndipo ku Malawi kafukufuku wachitika ku Makanjira, ku Salima ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa. Mwana wotuluka ku School of Mines pa UNZA lero, mawa akhoza kupezeka ataima pambali pa makina oboola ku Nampula kapena ku Mangochi. Malangizo awa ndalembera iyeyo, komanso mwini laisensi yaing'ono amene akufuna kudziwa poyambira asanathire ndalama zake pansi.

Magombe oonekera, a ndalama anawagawana kale. Otsala ndi amene nyanja inawasiya kumtunda, dothi n'kuwakwirira, pamwamba pake n'kumera tchire kapena chimanga. Kumeneko simupita kukasaka mchenga wakuda. Mumapita kukasaka pamene madzi anaima nthawi yaitali.

Mvetsani kaye ntchito ya mafunde

Mchenga wamba ndi quartz, ndipo umalemera ka 2.65 poyerekeza ndi madzi ochuluka chimodzimodzi. Rutile amalemera ka 4.2, ilmenite ndi zircon pafupifupi ka 4.7, monazite ka 5. Njere yopitirira 2.9 timaiika m'gulu la zolemera. Kwawo kwa njerezi ndi m'matanthwe akale a granite ndi gneiss. Thanthwe likamawola ndi mvula, zambiri za m'kati mwake zimasanduka dongo, koma izi n'zamakani, sizisungunuka. Mitsinje imazikokolola pamodzi ndi mchenga wina mpaka kunyanja, zili zomwazikana moti diso silingazione.

Pagombe ndi pamene zimasankhidwa. Funde likamakwera limabwera ndi mphamvu, lanyamula zonse. Pobwerera lafooka, limangokoka quartz wopepuka uja, zolemera n'kutsalira kumtunda kwa gombe. Ndi kupeta kwenikweni, monga amayi apetera mphale palichero gaga n'kumachoka, kungoti nyanja imapeta zaka masauzande osatula lichero pansi. Namondwe akawomba amakokolola mchenga wambiri kamodzi n'kusiya mkanda wakuda wokhuthala. Kenako mphepo imaulutsa zina kupita nazo ku milu ya mchenga ya kuseri kwa gombe.

Mukamvetsa izi, mwadziwa kale maonekedwe a chimene mukufuna. Chuma cha pagombe chimakhala chachitali koma chopyapyala: makilomita angapo m'litali, mamita makumi ochepa mpaka mazana ochepa m'lifupi, kukhuthala kwake mamita owerengeka. Chimakhala pa mulingo umodzi kuchokera kumutu mpaka kumchira, chifukwa madzi sayima mopendekeka. Ndipo sichidzaza gombe lonse. Chimaunjikana pamene mchenga woyenda motsatira gombe unatsekeredwa njira, monga pafupi ndi phiri lolowa m'nyanja, m'gombe lopindika ngati chilembo J, kapena kumbali ya mathiriro a mtsinje kumene mafunde ankakankhira mchenga. Cha m'milu youlutsidwa ndi mphepo chimasiyana: n'chachikulu, chokhuthala, koma njere zolemera zimakhala zochepa pa tani iliyonse.

Nanga gombe limapezeka bwanji kutali ndi madzi? Nyanja siinakhale pamodzi. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo inali pansi ndi mamita 120 poyerekeza ndi lero; zaka 125,000 zapitazo inali pamwamba ndi mamita angapo; kale kwambiri inkalowa mkati mwa mayiko. Paliponse pamene inapumira inasiya gombe. Ku Murray Basin ku Australia kuli magombe otere mazanamazana ondondozana, ena makilomita mazana kuchokera kunyanja ya lero, ndipo la ku Balranald lili pansi mamita oposa 50. Ku Chibuto m'chigawo cha Gaza ku Mozambique mchenga wolemera uli kumtunda, makilomita makumi angapo kuchokera kumadzi. Nyanja za mkati mwa dziko nazo zimachita zomwezo pang'onopang'ono. Chilwa inauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo kale inali yaikulu kuposa lero. Kungoti mafunde a nyanja zamkati ndi aang'ono, choncho musayembekezere Moma wina m'mbali mwa Bangweulu.

Ntchito yoyamba ndi ya patebulo, konkuno ku Lusaka

Musanagule dizilo ngakhale lita imodzi, khalani pansi ndi mapu. Ofesi ya Geological Survey muno mu Lusaka imasunga mapu a miyala ndi malipoti a ofufuza akale. Ya ku Malawi ili ku Zomba. Funso loyamba kwa mapuwo ndi ili: mitsinje yothira m'dera langa imachokera m'matanthwe otani? Ngati kumtunda kuli gneiss ndi granite, chiyembekezo chilipo. Ngati kuli miyala ya laimu yokhayokha, mafunde analibe choti apete, ngakhale gombe likhale lokongola chotani.

Kenako ikani QGIS, pulogalamu yopangira mapu, pakompyuta, ndi yaulere. Tengani pa intaneti mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka a SRTM, amene anajambulidwa mu 2000 ndipo kadontho kalikonse kamaimira mamita 30, muwonjezere zithunzi za setilaiti za Sentinel-2 kapena Landsat. Chinsinsi chake n'kupanikiza mitundu. Mapu akamaonetsa kuchokera pa mamita 0 mpaka 2,000, mtumbira wa mamita 5 suoneka. Auzeni aonetse mamita 30 kapena 40 okha a dera lanulo, ndipo mudzaona mizere yokhota pang'ono, yondondozana, ikutuluka pamene poyamba panali see.

Phunzitsani maso anu pa magombe odziwika kale. Yang'anani mtumbira wa Gidikwe ku Botswana, kumadzulo kwa Makgadikgadi, umene ndi gombe la nyanja yakale pa mulingo wa mamita pafupifupi 945. Yang'anani mchenga wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta, ndiponso mitumbira yaitali ya kumadzulo kwa Bangweulu cha ku Samfya. Sindikunena kuti monsemo muli chuma. Ndikuti mukazolowera nkhope ya gombe lakale, mudzalizindikira likadzabisala. Mzere uliwonse umene mwauona, uyeseni mulingo wake m'malo angapo. Ngati ukukwera kapena kutsika kwambiri, mwina ndi njira yakale ya mtsinje, kapena nthaka inapendekeka pambuyo pake, zimene zimachitika m'zigwa za ming'alu monga cha nyanja ya Malawi.

Chinthu chimene ambiri amachinyoza ndi mabuku a oboola mijigo. Woboola madzi amalemba kuti pa mamita akuti anapeza dongo, pa mamita akuti mchenga woyera, pa mamita akuti nsangalabwi. Iye amafuna madzi, koma wakuboolerani kale dera lonse mwaulere. Mijigo itatu kapena inayi ikaonetsa mchenga wosalala pa mulingo wofanana, lembani mzere pamapu.

Dziwaninso kumene mphepo yamphamvu imachokera. Pa nyanja ya Malawi msodzi aliyense adzakuuzani za mwera wa m'nyengo yozizira. Gombe loyang'anizana ndi mphepo yotere, kumene mafunde afika atayenda mtunda wautali, ndilo limapetedwa bwino.

Chiphaso ndi eni nthaka

Malo mwawasankha, tsopano onani ngati alibe mwini. Mapu a cadastre ya migodi ya Zambia, oonetsa malo amene ali kale ndi laisensi, ali pa intaneti, ndipo Malawi ndi Mozambique nawo ali ndi awo. Malamulo athu anasinthidwa: m'malo mwa lamulo la migodi la 2015 munabwera la 2024 limene linakhazikitsa Minerals Regulation Commission, choncho mafomu ndi mitengo kafunseni ku ofesi, osati kwa mnzanu amene anatenga laisensi zaka zisanu zapitazo. Musanayambe kuboola pamafunikanso chilolezo cha ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe.

Pepala la boma si lokwanira. Magombe akale amakhala otumphuka, osadikha madzi, ndiye n'kumene anthu amamanga midzi, kulima chinangwa ndi kuika manda. Pitani kwa mfumu kudzera mwa nduna zake, mufotokoze kuti mukufufuza chabe, ndi kuti mwa malo ambiri ofufuzidwa, osanduka mgodi ndi ochepa. Musalonjeze sukulu kapena chipatala. Gwirizanani za chipukuta misozi cha mbewu makina asanalowe m'munda, ndipo mulembe.

Maginito amathandiza, koma osawakhulupirira okha

Ilmenite amakokedwa pang'ono ndi maginito, ndipo nthawi zambiri amayenda ndi magnetite amene amakokedwa kwambiri. Chifukwa cha ichi, chipangizo choyeza mphamvu ya maginito a nthaka chikadutsa pamwamba pa gombe lokwiririka, chimalemba kamzere kowongoka, kofooka. Ku Murray Basin magombe ambiri anawapeza motero, ndege ikuuluka chapansipansi. Zambia inayamba kuyeza dziko lonse ndi ndege mu 2024, ndiye funsani ngati zotsatira za dera lanu zatuluka. Ngati mulibe za ndege, anthu awiri oyenda pansi ndi magnetometer amagwira ntchito yomweyo pamalo aang'ono. Mizere yoyendamo ikhale yopingasa gombe limene mukuliganizira, osati yotsatira. Woyezayo asakhale ndi foni, lamba wa chitsulo kapena nsapato za chitsulo kumapazi.

Misampha ilipo iwiri. Laterite, miyala yofiira imene timathira m'misewu ija, imasokoneza chipangizo n'kubisa kamzere kofooka kaja. Msampha wina ndi wopweteka kwambiri: ilmenite akakhalitsa m'nthaka yonyowa, chitsulo chimachokamo, amasanduka leucoxene, maginito ake n'kuchepa. Rutile ndi zircon ndiye alibiretu maginito. Ndiye kuti gombe la mtengo wapatali kuposa onse likhoza kukhala chete pamapu, pamene lodzaza magnetite wopanda msika likufuula.

Pali chipangizo china choyeza cheza cha thorium wa mu monazite. N'chabwino pa mchenga wa pamtunda, koma chimangomva masentimita pafupifupi 30 a pamwamba. Pa gombe lokwiririka musachiwonongere ndalama.

Phazi, beseni ndi auger

Yendani deralo mvula itangotha kumene, pamene madzi asiya timizere takuda m'tinjira ndi m'makwawa. Yang'anani m'zigwembe, m'maenje okumba mchenga womangira, pa dothi lotuluka m'zitsime ndi m'zimbudzi zatsopano. Zulu nazo musazidutse, pakuti chiswe chimatulutsa dothi la pansi. Paliponse tapani mchenga wodzaza manja awiri, muusuke m'beseni monga amachitira osaka golide, mpaka patsale kamchira kakuda m'mphepete.

Apa ndi pamene anthu amasokonekera mitu. Aliyense wogwira ntchito ya miyala mu Lusaka anachezeredwapo ndi bambo wovala jekete, wotsika basi ya kum'mawa ku Intercity, botolo la mchenga wakuda bii lili m'thumba. Amaliika patebulo pang'onopang'ono.

"Bwana, taonani ichi. Kwathu ndi dambo lonse."

"Zikomo bambo, tiyeni tichiyese muli pompano."

Mumathira pang'ono papepala loyera, n'kutenga maginito a sipika yakale mutawakulunga m'pulasitiki. Mchenga wonse uja umalumphira ku maginito, pepala n'kutsala mbee. Ameneyo ndi magnetite, ndipo ogula mchenga wolemera samufuna. Bamboyo amabwerera ndi botolo lake, ya basi itapita.

Kuyesa komweku muzichita nokha kutchire. Umitsani kamchira kakuda kaja padzuwa. Maginito wamba achotse magnetite. Kenako dutsitsani maginito amphamvu a neodymium: atola ilmenite, ndi garnet wina. Zotsala papepala ndizo muziyang'anitsitse ndi galasi lokuza ka 10. Rutile ndi wofiirira mwakuda, wonyezimira. Zircon ndi timibulu totalika pang'ono, toyera kapena tapinki, towala kwambiri, ndipo tambiri timayaka mwachikasu pa tochi ya UV usiku. Garnet ndi wofiira mopenyekera. Monazite ndi wachikasu, woburungika. Mukapeza kuti chotsala papepala n'chochuluka, malowo alembeni ndi inki yofiira.

Auger ya pamanja, chitsulo chooboolera pansi, imafika mamita angapo mu mchenga wouma, anyamata awiri akupotokola. Ikafika pamadzi, bowo limagumuka ndipo sampulo sikhalanso yodalirika. Ntchitoyi ichitike mu Seputembala ndi Okutobala, madzi a pansi atatsika.

Kuboola: apa ndi pothera ndalama, ndiye dekhani

Makina oyenera mchenga ndi a aircore. Mphepo yopanikizika imatsikira pakati pa mapaipi awiri, n'kukweza mchenga kudzera m'paipi ya mkati mpaka ku cyclone, chimgolo cholekanitsa mchenga ndi mphepo, kumene umagwera m'chogawira sampulo. Ndi opepuka, amakwera pa lole yaing'ono, ndipo mu mchenga wofewa amaboola mamita mazana patsiku. Makina a mijigo wamba musawalole, chifukwa amakweza dothi kunja kwa paipi likukhulana ndi makoma a bowo, ndipo simudziwa kuti chatuluka chachokera pati.

Kayalidwe ka mabowo kamatsatira maonekedwe a gombe. Popeza ndi lalitali, mizere ikhoza kutalikirana kilomita imodzi kapena ziwiri poyamba. Popeza ndi lopyapyala, mabowo a mumzere umodzi ayandikane, mamita 40 mpaka 80. Amene amayala mabowo motalikirana mamita 400 mbali zonse, poti pamapu zioneke zaudongo, akhoza kulumpha gombe la mamita 100 m'lifupi osalikhudza n'komwe, n'kupita kukanena kuti kulibe kanthu. Mabowo akhale oongoka kupita pansi. Oyambirira afike mpaka pathanthwe kapena padongo la pansi, chifukwa magombe amatha kusanjikizana.

Tengani sampulo pa mita iliyonse, kapena pa mita ndi theka malinga ndi kutalika kwa mapaipi. Kilogalamu imodzi kapena ziwiri m'kathumba kansalu, nambala kunja, kapepala ka nambala yomweyo mkati. Inu muime pambali pa cyclone ndi beseni ndi ndowa ya madzi. Pa sampulo iliyonse tapani kadzanja kofanana, sukani, yerekezani peresenti ya zolemera, lembani. Poyamba diso lanu lidzakokomeza, chifukwa chakuda chimaoneka chambiri pa choyera. Zotsatira za ku labu zikabwera, ziyerekezeni ndi zimene munalemba, diso lidzaphunzira.

Koma musangolemba za chakuda chokha. Mchenga uliwonse wotuluka ukukuuzani pamene mwaima pa gombe lakalelo. Wosalala, wa njere zofanana, nthawi zambiri wofiirira, ndi wa milu ya mphepo. Woyera, wokulirapo, wa njere zoburungika bwino ndi wa pamene mafunde ankamenya, ndipo m'menemo ndi mokhala chuma. Wokhakhala, wa timiyala ndi nsangalabwi, ndi wa poswekera mafunde, kunsi pang'ono. Wosalala kwambiri wosakanikirana ndi matope ndi tonyezimira ta mica ndi wa m'madzi akuya. Mwapitirira, bwererani chakumtunda. Matope akuda onunkha, a zomera zowola, ndi a thamanda la kuseri kwa gombe. Sunthirani kumene kunali nyanja. Wodziwa kuwerenga izi amasuntha makina tsiku lomwelo, osadikira labu. Lembaninso pamene mwakumana ndi madzi ndi pamene mchenga waumbika kukhala mwala, pakuti zonsezi zidzakhudza kakumbidwe.

Mulingo wa pakamwa pa bowo lililonse uyezedwe ndi chipangizo cholondola. GPS ya m'manja imaphonya mamita angapo pa kukwera, ndipo mamita angapowo ndi okwanira kuti gombe limodzi lioneke ngati awiri, kapena awiri ngati limodzi.

Kunsi kwa madzi ndi kumene masampulo amanama. Mchenga umalowa wokha m'paipi pamene akulumikiza ina, ndipo njere zolemera za pamwamba zimatsikira pansi, bowo n'kuoneka ngati lili ndi chuma chokhuthala kuposa chenicheni. Woboola amalipidwa pa mita, ndiye amafuna kuthamanga. Ntchito yanu ndi kumuimitsa. Paipi iliyonse ikalumikizidwa, auze ndi mphepo kaye bowo liyere musanatenge sampulo, ndipo cyclone itsukidwe pakutha pa bowo lililonse. Yezani thumba lililonse pa sikelo. Lolemera mopitirira ndiye kuti makoma agumukira mkati, lopepuka ndiye kuti zina zatayika. Mukapeza gombe labwino, mabowo ena aboolenso pambali pake ndi makina a sonic, amene amatulutsa mchenga uli mmene unagonera, muyerekeze.

Bowo mukathana nalo, litsekeni ndi kulikwirira tsiku lomwelo. Mwendo wa ng'ombe ya mwini munda ukathyokeramo, mzere wotsatira simuboola.

Ku labu

Musatumize masampulo ku labu iliyonse poti amayeza kopa. Funsani ngati amalekanitsa njere ndi madzi olemera. Ambiri a m'dera lino amatumiza ku South Africa kapena ku Australia, ndipo kutulutsa masampulo m'dziko kumafuna chilolezo. Kumeneko amaumitsa sampulo, kuiyeza, kuigawa, n'kuitsuka pa sefa ya mamaikuloni 45, 53 kapena 63 (mamaikuloni 1,000 ndi milimita imodzi). Chodutsa pasefa ndi matope. Sefa ina ya milimita imodzi kapena awiri imachotsa timiyala. Mchenga wapakatiwo amauthira m'madzi olemera, TBE wa 2.96 kapena LST wa 2.85, quartz amayandama, zolemera zimamira. Zomirazo akaziyeza ndiye mwapeza THM, peresenti ya njere zolemera zonse. TBE ndi poizoni, musayesere kunyumba.

Sefa imene mwayamba nayo musaisinthe pakati pa ntchito, apo ayi manambala a chaka chino sadzagwirizana ndi a chaka chamawa. Pa masampulo 20 kapena 25 alionse, lowetsani imodzi yobwereza ndi ina imene mukuidziwa kale peresenti yake, manambala ake osaulula. Ena ochepa apite ku labu yachiwiri. Wogula kapena wobwereketsa ndalama adzayamba kufunsa zimenezi asanayang'ane n'komwe THM yanu.

Nambala ya matope musaidumphe. Dongo likachuluka limadya madzi ambiri potsuka ndipo limafuna madamu aakulu osungiramo matope.

THM si ndalama

Mchenga wa THM 10 peresenti ukhoza kukhala wachabe, wa 3 peresenti n'kukhala mgodi. Zimatengera chimene chili m'zomirazo. Sakanizani zomira za mabowo oyandikana, zipite kokalekanitsa ndi maginito, ku XRF ndi ku QEMSCAN, makina ozindikira zimene zili mu njerezo, kapena kwa katswiri wowerenga njere pa maikulosikopu. Mufune kudziwa magawo a ilmenite, leucoxene, rutile, zircon ndi monazite, ndi kuchuluka kwa zosagulika monga magnetite ndi staurolite. Mufunenso ukhondo wake. Rutile wabwino amakhala ndi titanium dioxide, ufa woyeretsa penti uja, pafupifupi 95 peresenti, ilmenite kuyambira cha m'ma 45 mpaka kupitirira 60. Chromium akachuluka mu ilmenite opanga penti amadandaula. Uranium ndi thorium akapitirira magawo 500 pa miliyoni mu zircon, mtengo umatsika. Kukula kwa njere nakonso n'kofunika: pafupi ndi Horsham ku Australia anapeza mchenga wolemera wochuluka zedi m'zaka za m'ma 1980, koma unakhala zaka makumi osakumbidwa chifukwa njere zake n'zazing'ono kwambiri kwa makina olekanitsa a nthawiyo.

Tsopano masamu. Tiyerekeze kuti mwapeza gombe la mamita 3,000 m'litali, 150 m'lifupi, 6 kukhuthala. Ndi makyubiki mita 2,700,000. Pa matani 1.6 pa kyubiki mita, ndi matani 4,320,000 a mchenga. THM ikakhala 5 peresenti, zolemera ndi matani 216,000. Ngati ilmenite ndi 55 peresenti, zircon 8, rutile 4, muli ndi matani pafupifupi 119,000 a ilmenite, 17,000 a zircon ndi 8,600 a rutile, musanachotse zotayika potsuka. Zikumveka zambiri, koma Moma imatulutsa ilmenite wokwana matani pafupifupi miliyoni imodzi pachaka. Gombe lanulo kwa iwo silikwana miyezi iwiri. Ndiye mukapeza limodzi, bwererani ku mapu aja mukasake abale ake pa mulingo womwewo ndi pa milingo yoyandikana. Werengeraninso dothi la pamwamba: mamita 30 a dothi pa mamita 6 a chuma ndiye kuti mukusuntha zachabe kasanu pa chilichonse chaphindu.

Kwa ife a mkati mwa dziko pali chinanso. Ilmenite amagulidwa madola mazana ochepa pa tani, pamene rutile ndi zircon amapitirira madola 1,000. Moma imakwanitsa ndi mchenga wa THM yochepa chifukwa sitima zimatengera katundu pakhomo. Kuchokera ku Lusaka kupita ku Beira ndi makilomita oposa 1,000 pamsewu, ndipo njanji ya TAZARA kuchokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam ndi makilomita 1,860. Pa mitunda yotere, mtengo wa ilmenite umathera m'matayala. Jacinth-Ambrosia, imene kampani ya Iluka inapeza mu 2004 m'chipululu cha South Australia, imatumiza katundu pa malole makilomita pafupifupi 270 kupita kudoko, ndipo imapindula chifukwa pafupifupi theka la zolemera zake ndi zircon. Ine ndikanakhala ndi laisensi kutali ndi doko, ndikanayeza zircon ndi rutile pa mabowo khumi oyambirira, zikachepa n'kusamuka ndalama zisanathe. Ndipo rutile sapezeka pagombe pokha: wa ku Kasiya pafupi ndi Lilongwe ali m'thanthwe lowolera pamalo pomwepo, mafunde sanamukhudze, choncho njira zomusakira n'zina.

Manambala akalimbikitsa, yandikizani mizere, kuchoka pa kilomita kufika pa mamita 400, kenako 200 kapena 100, mabowo mamita 20 mpaka 40. Ndiko kukwera masitepe a JORC kapena SAMREC, malamulo olengezera chuma cha m'nthaka, kuchokera pa chongoyerekeza (Inferred) kupita pa chodalirika (Indicated) ndi chotsimikizika (Measured), ndipo lipotilo liyenera kusainidwa ndi katswiri amene wagwira ntchito ya mtundu womwewu zaka zosachepera zisanu. Monazite akakhalapo wambiri, matumba a zomira muwasunge kutali ndi pogona anthu ndipo mufunse a Radiation Protection Authority za kasungidwe ndi kanyamulidwe. Musanakambe ndi aliyense za kumanga fakitale, kumbani matani angapo a mchenga kuchokera m'malo osiyanasiyana a gombelo, osati pamtima pokha pamene pali pabwino, muwatumize kukadutsa pa ma spiral, timigula tozungulira totsukira mchenga, ndi makina olekanitsa a maginito ndi a magetsi, muone kuti pa zimene labu inawerenga, zolowa m'thumba logulitsa ndi zingati.